M'khutu Si Pakhutu

Abale anga a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo lero ndadza kudzakutsinani pa nkhani ya khutu lenilenilo. Dera lino ndilo linalera Samuel Josia Nthara wa ku Mvera, mlembi wa Nthondo ndi Mbiri ya Achewa. Tsono mtima umandiwawa ndikamva mdzukulu wa anthu oterewa, ali pabenchi la chipatala, akuti, "Ear yanga ili ndi infection." Apo sananene kanthu, Chingerezi ayi, Chichewa ayi.

Makolo anatisiyira timawu titatu tolozera malo: pa, ku ndi mu. Pakhutu ndi kunja, pamene pamaboolerwa ndolo. Kukhutu ndi mbali yonse ya chakumeneko. M'khutu ndi m'kati, mosafika diso. Ndipo malo akasintha, chiganizo chonse chimatsatira. Timati m'khutu mwanga mukuwawa, osati m'khutu langa likuwawa. Timati kuseri kwa khutu kwatupa, osati kumbuyo kwa khutu yatupa. Polemba, m'khutu pamakhala nkhodolero, chifukwa u wa mu wamezedwa. Wolemba mkhutu wasiya mawu opunduka.

Izi si zamayeso a kusukulu zokha. Pali matenda amene madokotala amawatcha cholesteatoma. M'kati mwa khutu muli nembanemba yopyapyala, ndipo kuseri kwake kuli kachipinda ka mpweya ka timafupa titatu tonyamula mawu. Khutu likamadwaladwala, kapena kanjira kobweretsa mpweya kuchokera kuseri kwa mphuno kakamatsekeka, nembanembayo imafyonthokera m'kati n'kupanga kathumba. M'kathumbamo khungu lofunduka limasowa potulukira, limangosanjikana, loyera mbee, n'kumakula. Limadya fupa monga chiswe chidyera mzati, kunja kukuoneka bwinobwino. Musathamangire kuti ndi khansa. Si khansa. Ndi khungu lomera posayenera, ndipo kulitchula moona kumachotsa mantha amene amabisitsa odwala kunyumba.

Chizindikiro chake chachikulu chili m'mawu awiri amene ambiri sakuwanenanso. Mayi amafika pachipatala ku Mponela kapena ku Madisi n'kuti, "Khutu likutuluka timadzi." Manyazi! Madzi ndi madzi, mafinya ndi mafinya. Ngati akununkha, nenani kuti akununkha. Musati "akumveka kafungo," pakuti ngakhale maluwa ali ndi fungo. Dokotala akamva kuti m'khutu mukutuluka mafinya onunkha kwa miyezi, wodwala akumwa mankhwala koma mafinyawo osaleka, amaunikamo ndi maso ena. Komanso kuwawa si kuyabwa, kuyabwa si kulira, kulira si kutsekeka. Onsewa ndi mawu athu, koma ife tawaunjika m'thumba limodzi lakuti "likuvuta." Matenda amenewa nthawi zambiri sawawa n'komwe, choncho wongodziwa mawu akuti kuwawa amakhala chete mpaka zinthu zitafika poipa.

Pamene pamandiliza ine ndi pa ana. Timati mwana uyu ndi wosamva, n'kuthyola kamtengo. Mawuwa ndi akale, sindikuwakana, koma ali ndi nsonga ziwiri. Mwana wamwano samvera. Mwana amene timafupa take tadyeka sakumva. Mtsikana wokhala kumbuyo m'kalasi, wopendeketsa mutu kuti khutu labwino liloze kwa aphunzitsi, kolala ya yunifolomu yake ili ndi banga la mafinya, ameneyo si wamwano. Musanamuike m'gulu la osamva, imani kumbuyo kwake, mumuitane motsitsa mawu, mbali iyi kenako inayo.

Khungu lija likalekereredwa limatha kufika pa mtsempha woyendetsa nkhope, ndipo pakamwa pamapotoka, diso osatsinzina. Apa ena amati sitiroko, ena amaloza mfiti, osatchulako za khutu lomwe lakhala likutuluka mafinya zaka. Likafika m'kati mwenimweni munthu amamva chizungulire ndipo khutu limatha kugontheratu. Likaboola fupa la chigaza pamabuka matenda oumitsa khosi kapena chithupsa cha mu ubongo, ndipo awa amapha. Kuthiramo mafuta ophikira, madzi a masamba kapena kutokosa ndi nthenga ya nkhuku sikuchiza. Mankhwala odonthezera amangochepetsa mafinya. Chochotsa khungulo ndi opaleshoni.

Akatswiri a ntchitoyi ndi ochepa m'dziko muno. Kwa zaka zingapo Pulofesa Wakisa Mulwafu wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anali yekha dokotala wa maopaleshoni a makutu, mphuno ndi kukhosi. Ife a kuno, chipatala cha boma cha Dowa kapena cha Ntchisi chimatitumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo chimene chimalembedwa m'kabuku ka kuchipatala chimayambira pa zomwe tanena ndi pakamwa pathu. Choncho mukalowa kwa dokotala, mupereke moni, mukhale pansi, munene mosadumpha: "Adokotala, m'khutu mwakumanzere mwa mwanayu mwakhala mukutuluka mafinya onunkha kuyambira nthawi yokolola. Simukuwawa, koma mbali imeneyi sakumva bwino, ndipo dzulo kuseri kwa khutu kwayamba kutupa."