Kepler ndi Timagawo 8 Timene Tinathyola Mkombero

Kuyambira masiku a anzeru a ku Greece kufikira zaka za m'ma 1600, ophunzira a zakumwamba, ngakhale iwo amene ankatsutsana pa zina zonse, ankagwira chiphunzitso chimodzi monga mwambo wosafunsidwa chifukwa: chakuti zounikira za kuthambo, pokhala zangwiro ndi zosavunda, siziyenera kuyenda m'njira ina koma ya mkombero wobulungira bwino. Copernicus yemwe, amene mu 1543 analimba mtima kuchotsa dziko lapansi pakati ndi kuikapo dzuwa, mkomberowo sanaukhudze.

Amene anadzauthyola ndi Johannes Kepler, Mjeremani wosauka, wa maso ofooka, amene mu 1600 anafika ku Prague kudzatumikira Tycho Brahe. Tycho ameneyu, mfulu yolemera ya ku Denmark, anali atatha zaka pafupifupi 20 pachilumba cha Hven akuyeza malo a nyenyezi usiku ndi usiku, ndi maso okha ndi zipangizo zikuluzikulu, pakuti telesikopu kunalibe. Ndipo miyeso yakeyo ankaiumira monga munthu aumira nkhokwe m'chaka cha njala. Komatu mutu umodzi susenza denga: wina anali ndi miyeso yosowa woimasulira, wina masamu osowa miyeso. Tycho atamwalira mu 1601, mabuku akewo anagwera m'manja mwa Kepler, amene anali atapatsidwa kale ntchito yolondola njira ya pulaneti louma khosi, Mars.

Atabwereza mawerengero ake nthawi ngati 70, ndi cholembera chabe, Kepler anapeza mkombero umene unkagwirizana ndi miyeso ya Tycho pafupifupi ponse, kupatula pamalo ena pamene panatsala kusiyana kwa timagawo 8 mwa timagawo 60 ta digiri imodzi. Kuti muone kuchepa kwake, yang'anani mwezi wathunthu, nimugawe m'lifupi mwake panayi: chigawo chimodzicho ndicho chinamudyera tulo. Akanati diso la Tycho linaphonya, palibe akanamuimba mlandu. Koma iye, podziwa kuti mkuluyo sankaphonya ndi timagawo tochuluka chotero, ndi poyesa miyesoyo mphatso yochokera kwa Mulungu imene siyenera kupeputsidwa, anagwetsa ndi manja ake omwe nyumba imene anaimanga ndi thukuta la zaka. Apa mpamene ine ndimamulemekeza koposa, chifukwa kutsutsa anzeru akale monga Aristotle kuli ndi ulemerero wake, koma kutsutsa ntchito yako yomwe, popanda wokukakamiza, kulibe wokuombera m'manja.

Anayesa njira yooneka ngati dzira, inakana. Anayesa zina, nazonso zinakana. Ndipo mu 1605 anazindikira kuti Mars amayenda mu elipisi. Khomani zikhomo ziwiri pansi motalikirana pang'ono, mumangirire nsonga za chingwe chokhwepa ku zikhomozo, mukoke chingwecho ndi kamtengo kufikira chitakungika, ndipo mulembe pansi mozungulira: chotulukacho ndicho elipisi, ndipo dzuwa limakhala pa chikhomo chimodzi, osati pakati. Anapezanso kuti pulaneti limathamanga likayandikira dzuwa, nilizengereza likatalikira.

Zonsezi anazisindikiza mu 1609 m'buku lake la Astronomia Nova, m'mene sanabise ngakhale njira zimene anasokera nazo, kotero kuti wowerenga amaona nzeru ikubadwa ndi zowawa zake zonse. Ambiri sanamumvere. Galileo, ngakhale ankalemberana naye makalata, anamamatirabe mkombero mpaka imfa, ndipo panafunika Isaac Newton, mu 1687, kuti aonetse ndi masamu kuti mphamvu yokoka ya dzuwa ndiyo imabala njira yotere.

Umboni woyamba unadza msanga kuposa pamenepo. Ndi mawerengero ake a mu 1627, Kepler analosera kuti pa 7 Novembala 1631 pulaneti la Mercury lidzadutsa pankhope ya dzuwa. Iye anamwalira ku Regensburg mu 1630, koma tsikulo litafika, Pierre Gassendi anakaona kadontho kakudako ali ku Paris.