Momwe akatswiri amayezera mphepo ya m'mizinda asanamange nyumba zosanja

M'chaka cha 2011, mphepo yamphamvu inagubuduza lole pafupi ndi nyumba yosanja ya Bridgewater Place mumzinda wa Leeds ku England, ndipo munthu wina woyenda pansi anamwalira. Mphepoyo inkawomba nyumbayo kenako n'kutsikira mumsewu mwaukali. Pofuna kupewa ngozi zotere, akatswiri amayamba ayeza mapulani m'chipangizo chotchedwa wind tunnel.

Chipangizochi ndi mpita wautali womwe kumapeto kwake kuli zokupizira mphepo zikuluzikulu. Chovuta n'chakuti mphepo ya mumzinda siyenda mowongoka. Mpweya wa pafupi ndi nthaka, kukafika pafupifupi kilomita imodzi m'mwamba, umakhulana ndi mitengo komanso nyumba, motero pansi umayenda pang'onopang'ono ndi mozungulirazungulira, pamene m'mwamba umathamanga.

M'chaka cha 1958, katswiri wa ku Denmark, Martin Jensen, anaonetsa kuti zotsatira zimakhala zolakwika ngati mphepo ya mumpitamo sikufanana ndi yapanja pa kachitidwe kameneka. N'chifukwa chake polowera mphepo amaimikapo matabwa osongoka, ndipo pansi amandandalikapo timatabwa tambirimbiri pamtunda wa mamita angapo kuti mphepo ivundulike isanafike pa chifanizo cha mzindawo.

Chifanizocho chimakhala chaching'ono, mwachitsanzo kuchepetsa ka 400, kotero kuti nyumba yotalika mamita 200 imangokhala masentimita 50. Amachiika pathebulo lozungulira kuti mphepo ichiwombe kuchokera mbali zonse. Timabowo ta m'makoma mwake timayeza mphamvu ya mphepo, ndipo mpweya wapadera umaonetsa komwe utsi wa galimoto ndi mafakitale ungakakhazikike.

Amene anakhazikitsa luso limeneli ndi Jack Cermak wa pasukulu ya ukachenjede ya Colorado State ku America ndi Alan Davenport, yemwe anatsegula malo ofufuzira zoterezi pa University of Western Ontario ku Canada m'chaka cha 1965. Onse awiri anagwira nawo ntchito yoyeza nyumba za World Trade Center za ku New York zisanamangidwe.

Masiku ano makompyuta amawerengeranso kayendedwe ka mphepo, komabe zotsatira zake amaziyerekeza ndi za mumpita. M'chaka cha 2019, akuluakulu a dera la City of London anatulutsa ndondomeko yofuna kuti omanga nyumba zazitali azipereka kafukufuku wa mphepo popempha chilolezo.