Gitala la Paul Ngozi lamvekanso: mbiri ya mbale zimene tinavina ku Petauke

Pa 21 October 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatulutsa nyimbo yotchedwa "Noid". Amene anaimvetsera kuno kwathu anatchera khutu kawiri, chifukwa m'kati mwa Chingelezi cha ku California munatulukira mawu a mwamuna akuimba Chinyanja cha mu Lusaka, gitala likulira mwaukali kumbuyo kwake. Achinyamata anafunsana kuti ameneyu ndani. Akuluakulu amene anali anyamata ndi atsikana m'zaka za m'ma 1970 sanafunse munthu. Anali Paul Ngozi, ndipo mawuwo anatengedwa m'nyimbo ya "Nizakupanga Ngozi", ya m'chimbale cha Ngozi Family cha 1977 chotchedwa 45,000 Volts. Patangopita sabata, chimbale cha Tyler, Chromakopia, chinatuluka n'kukakhala pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard ku America. Apa n'kuti Paul atatha zaka 35 ali m'manda.

Nyimbo imeneyi sinafike ku California mwamatsenga. Inadutsa njira yaitali, ndipo mbali ina ya njirayo ndi msewu wathu womwewu wa Great East.

Petauke ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera ku Lusaka, ndipo m'zaka za m'ma 1970 Nyimba inali ikadali mbali ya boma la Petauke. Magetsi kumidzi kunalibe. Nyimbo zatsopano zinkatipeza m'njira ziwiri. Yoyamba inali wailesi ya Zambia Broadcasting Services, imene m'nyumba zambiri inkamveka pa kawailesi ka Supersonic kopangidwa ku Livingstone. Yachiwiri inali basi ya UBZ. Mwana wa m'mudzi wogwira ntchito ku Lusaka kapena ku migodi akamabwera ku tchuthi, ankawoloka mlatho wa Luangwa, n'kudutsa mapiri a Kacholola, n'kugula nthochi pa Nyimba, ndipo m'sutukesi mwake, pakati pa shuga ndi chitenje cha amayi, munkakhala mbale ziwiri kapena zitatu zokulungidwa m'malaya kuti zisasweke. Iye mwini ankatsika atavala buluku lotambalala kumiyendo ndi nsapato zazitali zidendene, tsitsi lili nyankhalala. Madzulo ake mudzi wonse unkadziwa kuti kwa auje kwabwera mbale.

Amene anavinako sandauni akukumbukira mmene zinkakhalira. Bwalo lotchingidwa ndi udzu, pansi atawaza madzi kuti fumbi lisakwere, galamafoni ili pa tebulo, sipika atayiika pakamwa pa mtsuko kapena chigubu kuti mawu akule. Mabatire akafooka tinkawaanika padzuwa kuti atipatseko nyimbo zina zingapo. Mbale ikakalamba n'kuyamba kudumpha, mwini galamafoni ankaika kandalama ka ngwee pamwamba pa mkono wa singano kuti ilemere. Ndipo panali lamulo limodzi losaphwanyika: mbale saigwira mwana. Pa mabwalo otere tinkavina rumba ya ku Zaire ndi simanjemanje ya kumwera, koma ikafika nthawi ya Paul Ngozi mavinidwe ankasintha. Anyamata ankagwedeza mitu, manja akukhwacha gitala losaoneka, agogo ali chapatali akupukusa mitu kuti ana awa apenga.

Dzina lake lenileni anali Paul Dobson Nyirongo. Anabadwa mu 1949 ndipo anakulira ku Chibolya mu Lusaka, komboni imene mbiri yake aliyense akuidziwa. Monga anyamata ambiri a m'tauni panthawiyo, anakula akumva magitala a Jimi Hendrix, Deep Purple ndi Black Sabbath, ndipo anayamba ndi kutsanzira nyimbo za azungu m'timagulu ta mu Lusaka. Kenako anapita ku Nairobi kukaimba ndi gulu la Musi-O-Tunya, limene Rikki Ililonga anali mmodzi wa oliyambitsa ndipo ambiri amati ndilo linatsegula njira ya nyimbo zimene lero tikuzitcha Zamrock. Atabwerako anayambitsa gulu lake, Ngozi Family, pa ng'oma pali Chrissy Zebby Tembo. Dzina la Ngozi linamukhala chifukwa cha zimene ankachita pa siteji: gitala ankaliimba ndi mano.

Nthawi inamukomera. Cha pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda, amene naye ankakonda kuimba gitala, analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'Zambia. Mwadzidzidzi wailesi inasowa nyimbo zokwanira, ndipo aliyense wodziwa kugwira gitala anapeza khomo lotseguka. Ku Ndola kunali fakitale ya Teal Record Company yodinda mbale, komanso Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo, munthu amene anatulutsa zimbale za magulu ambiri a nthawiyo. Mu 1975 gulu la WITCH linatulutsa Lazy Bones!!, Amanaz a ku Kitwe anatulutsa Africa, Rikki Ililonga anatulutsa Zambia. Chaka chotsatira, 1976, Ngozi Family inabwera ndi Day of Judgement.

Magulu onsewa anali aluso, ndipo ndilibe nawo mlandu. Koma kwa ife a kum'mawa, Paul Ngozi anali wathu mwanjira ina. WITCH inkaimba kwambiri m'Chingelezi, Amanaz ankasakaniza Chingelezi ndi Chibemba. Paul naye ankaimba Chingelezi, koma akatembenukira ku Chinyanja ankalankhula chinenero chimene ife, ngakhale pakhomo tinkalankhula Chinsenga, tinkachimva pa wailesi, kuchiwerenga kusukulu ndi kuchiimba kutchalitchi. Tangoonani mitu ya nyimbo zake: "Kumanda Kwa Bambo Wanga", "Tikondane", "Atate", "Ulesi Tileke". Izi si nkhani za ku London. Ndi nkhani za maliro, za makolo, za anthu okhala moyandikana amene sakumvana, za munthu amene safuna kugwira khasu. M'chimbale cha The Ghetto anaimba za umphawi wa m'komboni, za makolo omwa mowa ana ali ndi njala, za munthu wofuna kudzipha. Gitala linali laphokoso, lokanda m'makutu, koma mawu ake anali malangizo omwe aja amene nkhalamba imapereka pamphala. N'chifukwa chake agogo omwe ankadandaula za phokoso aja, nyimbo ikafika pa mawu, ankakhala chete n'kumvetsera.

Ndimakhulupiriranso kuti makutu athu anali okonzeka kale. Dziko la Ansenga ndi dziko la kalimba, ndipo kalimba imayenda ndi kachidutswa kakafupi kobwerezabwereza mpaka kakulowe m'mafupa. Gitala la Paul limayendanso motero: kachidutswa kamodzi kolemera, kobwerera pomwe kanayambira, ng'oma ya Chrissy ikukankha kumbuyo. Mwana amene anakula akumva kalimba usiku ndi kuvina ndendeule pa mwezi sanafunike womumasulira. Pano ndikumbutseko kuti mu 1961 katswiri wa za nyimbo John Blacking anafika m'boma la Petauke n'kulemba mwatsatanetsatane za kalimba ya Ansenga, ndipo zimene analembazo zikuwerengedwabe m'mayunivesite akunja. Nkhani ya mlendo kusunga nyimbo zathu sinayambe ndi Zamrock.

Zokoma sizinakhalitse. Mtengo wa kopa, amene ankabweretsa pafupifupi ndalama zonse zakunja za dziko lino, unagwa kuyambira 1975. Sopo, mafuta ophikira ndi shuga zinayamba kusowa, ndipo munthu woima pamzere wa ufa saganiza zogula mbale. Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inalowa m'dziko: mu October 1978 ndege za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa Chikumbi pafupi ndi Lusaka, ndipo mwezi womwewo woimba wamkulu Alick Nkhata anaphedwa pa chiwembu china ku Mkushi. Boma linaletsa kuyenda usiku ndi kuyatsa magetsi, motero magulu amene ankadya za m'mabala ndi m'maholo anasowa poimbira. Disiko inabwera, mwini bala n'kuona kuti kulipira munthu mmodzi woliza mbale n'kotchipa kusiyana ndi kudyetsa gulu lonse. Kalindula inatenga malo pa wailesi. Makaseti ojambulidwa mwakuba anadzaza misika. Pamwamba pa zonsezi panagwa matenda a Edzi, amene anatha oimba a m'badwo umenewo mochititsa mantha. Pa anthu amene anayambitsa WITCH, amene ali moyo lero ndi Emmanuel "Jagari" Chanda yekha. Paul Ngozi anapitiriza kuimba m'zaka za m'ma 1980, koma anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 zokha.

Mbale zija zinatsala m'masutukesi. Singano zinasowa m'masitolo, magalamafoni anafa, ana anasandutsa mbale zoseweretsa, zina zinapindika ndi kutentha kwa mwezi wa October pansi pa malata. Ndinganene mosabisa kuti tonse tinaziona ngati zinthu zotha ntchito. Kwa zaka pafupifupi 20 nyimbo zimenezi zinkangokhala m'mitu ya anthu.

Amene anazifukula anali osonkhanitsa mbale zakale a ku Ulaya ndi ku America. Kampani ya ku Germany ya Shadoks inayamba kudindanso zina mwa zimbalezi, kuphatikizapo Africa ya Amanaz ndi The Ghetto ya Paul. Koma ntchito yaikulu inagwiridwa ndi Now-Again Records ya ku Los Angeles, ya Eothen Alapatt, wodziwika kuti Egon. Mu 2010 anatulutsa Dark Sunrise, nyimbo za Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya. Mu 2012 anasonkhanitsa zimbale za WITCH m'bokosi limodzi lotchedwa We Intend To Cause Havoc! Mu 2014 Day of Judgement ya Ngozi Family inatulukanso, ili ndi kabuku kofotokoza mbiri ya Paul. Mu 2017 kunabwera magawo awiri a Welcome to Zamrock!, momwe muli magulu ambiri amene ngakhale ife tinali titawaiwala, ndipo mbiri yake inalembedwa mothandizana ndi mlembi wa kuno kwathu Leonard Koloko, mwini buku la Zambian Music Legends. Pambuyo pake 45,000 Volts nayo inadindidwanso.

Ntchitoyi sinali yophweka. Rikki Ililonga anali atasunga matepi ake oyambirira, koma matepi a magulu ambiri anatayika, ndipo nyimbo zina zinapulumuka chifukwa chakuti munthu wina kwinakwake anasunga mbale yake bwino. Akatswiri amatenga mbale yoteroyo, n'kuitsuka, n'kujambula mawu ake pa kompyuta, n'kuchotsamo kuthetheka kwa zipsera kamodzikamodzi. Mukamamvetsera Ngozi Family pa foni lero, dziwani kuti nyimbo zambiri za nthawi imeneyo zatifika chifukwa cha anthu osadziwika amene sanalole mwana kugwira mbale.

Zotsatira zake taziona. Jagari Chanda, amene anakhalako mphunzitsi kenako n'kumakumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze chakudya, anabwerera pa siteji. Filimu ya Gio Arlotta yonena za iye ndi WITCH inatuluka mu 2019, ndipo mu 2023 gululo linatulutsa chimbale chatsopano, Zango, patatha zaka pafupifupi 40. Chaka chomwecho Travis Scott anatenga chidutswa cha nyimbo ya Amanaz n'kuchiika m'chimbale chake cha Utopia. Mwana wathu Sampa the Great, mu 2022, anatulutsa "Never Forget" polemekeza oimba a Zamrock. Koma Paul sanakhalepo kuti aone zimenezi.

Nditamvanso Day of Judgement itayeretsedwa, ndinamva zinthu zimene sipika ya mumtsuko inkatibisira: gitala la besi likuyenda pansi, kupuma kwa woimba asanayambe mzere. Ndinakondwa, ndipo ndikuthokoza amene anagwira ntchitoyi, makamaka popeza anafunafuna oimba amene ali moyo ndi mabanja a amene anatisiya kuti agwirizane nawo. Koma chisangalalo changa chili ndi kachisoni. Mbale zatsopanozi zimagulitsidwa m'madola ku Los Angeles, London ndi Tokyo, ndipo mlimi wa nshawa wa ku Minga kapena ku Nyanje, amene anazivina zili zatsopano, sangazipeze pa sitolo iliyonse ya pa boma. Mnyamata wa ku Berlin akudziwa mayina a zimbale za Paul Ngozi motsatana, pamene mdzukulu wa munthu amene anabwera nazo pa UBZ wamudziwira kwa Tyler. Mlandu umenewu si wa alendo. Ndi wathu, chifukwa ndife tinaleka kuziimba ndi kuzikamba.

Pokonza pake si patali. Nyimbo zambiri za Ngozi Family tsopano zili pa intaneti, pa YouTube ndi pa Spotify, ndipo wachinyamata aliyense wa foni angazipeze. Mawailesi athu a m'dera, monga PASME ndi Explorers ku Petauke, Valley FM ku Nyimba ndi Breeze FM ku Chipata, angapatule ola limodzi pa sabata la nyimbo za m'ma 1970, n'kuitana akuluakulu kuti adzafotokoze mmene ankazivinira. Aphunzitsi a nyimbo m'masukulu athu angaike Paul Ngozi pambali pa kalimba, ana amve okha ubale wake.

Ndipo inu amene muli ndi sutukesi ya malemu atate kapena amalume kuchipinda, itseguleni sabata ino. Mukapezamo mbale, musaitaye ngakhale ili ndi zipsera, ndipo chikuto chake musakolezere moto. Ipukuteni ndi kansalu kofewa, muiimike chilili pamalo ozizira, kutali ndi dzuwa. Wina akabwera kudzaigula, musafulumire. Yambani mwafunsa mtengo wake weniweni, chifukwa mbale zoyambirira za Zamrock zimagulidwa ndalama zambiri kunja. Koma musanaganize zogulitsa, itanani adzukulu, muwapezere nyimbo yomweyo pa foni, muwauze kuti woimbayo anali Paul Ngozi wa ku Chibolya, ndipo muwaonetse mmene munkavinira.