Kampu ya ski ndi snowboard ya ophunzira a sekondale

Kampu ya ski ndi snowboard ndi ulendo umene sukulu imakonza kuti ophunzira ake akakhale kumapiri kwa masiku angapo, kawirikawiri sabata imodzi, akuphunzira kutsetsereka pa chipale chofewa. Ophunzira amagona malo amodzi, amadyera limodzi, ndipo amayang'aniridwa ndi aphunzitsi awo pamodzi ndi alangizi a masewerawa. Makampu otere ndi ofala ku Austria, Switzerland, France, Germany ndi Japan. M'Malawi mulibe, chifukwa chipale chofewa sichigwa. Kwa wophunzira wa m'dera la Inkosi Zulu m'boma la Mchinji, phiri lapafupi kumene kampu yotere ingachitikire lili ku Lesotho.

Chipale chofewa, chimene ena amachitchula kuti sinowo, n'chosiyana ndi matalala. Matalala ndi olimba, amagwa ndi mvula yamkuntho ndipo amaboola masamba a fodya ndi chimanga. Chipale chofewa chimagwa mwakachetechete ngati thonje louluzika, n'kuunjikana pansi, ndipo chimatha kukhala miyezi osasungunuka ngati kukuzizirabe.

Masewera ake

Wochita ski amavala nsapato zolimba zimene zimamangidwa pa timatabwa tiwiri titalititali, kamodzi ku phazi lililonse, ndipo amagwira ndodo ziwiri. Amatsika phiri atayang'ana kutsogolo. Wochita snowboard amamanga mapazi onse awiri pa thabwa limodzi lalikulu, alibe ndodo, ndipo amatsika chammbali. Ski ndi yakale kwambiri, ndipo inalipo kale pa masewera oyamba a Olympic a nyengo yozizira ku Chamonix mu 1924. Snowboard ndi yatsopano: inayambira ku United States m'zaka za m'ma 1960 ndipo inalowa m'masewera a Olympic mu 1998 ku Nagano.

Mbiri ya makampu

Ku Switzerland kuli kampu yotchedwa Juskila imene inayamba mu 1941 ku Pontresina, ndipo masiku ano imachitikira ku Lenk kumayambiriro kwa Januwale. Imatenga ana 600 a zaka 13 ndi 14, osankhidwa mwa maere kuchokera m'dziko lonselo. Mu 1972 boma la Switzerland linakhazikitsa ndondomeko ya Jugend+Sport, imene imaphunzitsa atsogoleri a makampu ndi kuthandiza pa ndalama.

Ku France, mu 1953, dokotala wina dzina lake Max Fourestier anakonza zoti ana a sukulu ya ku Vanves, pafupi ndi Paris, akakhale mwezi umodzi ku La Féclaz m'mapiri a Savoie. Gawo lina la tsiku ankaphunzira m'kalasi, gawo lina ankachita ski. Cholinga chake chinali chakuti ana a m'tauni, makamaka a mabanja osapeza bwino, akapume mpweya wa kumapiri maphunziro awo osaima. Ku Austria sabata ya masewera a nyengo yozizira imawerengedwa ngati ntchito ya sukulu, osati tchuthi.

Mmene kampu imayendera

Tsiku loyamba limathera pa kuyeza nsapato ndi kugawa magulu malinga ndi luso. Ongoyamba kumene amapita pamalo otsetsereka pang'ono, ndipo phunziro lawo loyamba si kuthamanga ayi, koma kuima, kugwa bwino ndi kudzuka. Pa ski amaphunzitsidwa kuyandikizitsa nsonga zakutsogolo za timatabwa n'kutangadza kumbuyo, kuti liwiro lichepe. Pa snowboard wophunzira amayamba wadziwa phazi limene liziyenda kutsogolo, kenaka amaphunzira kutsika atakanikiza m'mphepete mwa thabwa, mbali ya zidendene kapena ya zala. Masiku awiri oyamba a snowboard ndi owawa, munthu amagwa chagada ndi chafufumimba mosinthanasinthana, koma akangogwira kakhotedwe amapita patsogolo msanga.

Njira za paphiri zimapatsidwa mitundu. M'mayiko ambiri a ku Ulaya yabuluu ndi yosavuta, yofiira ndi yapakatikati, ndipo yakuda ndi ya akatswiri. Ku France kulinso yobiriwira ya ongoyamba kumene. Anthu amakwera phiri pa makina owakoka kapena owanyamula pa mipando yolendewera pa chingwe. Madzulo kumakhala maphunziro a malamulo khumi a bungwe la FIS, limene limayendetsa masewerawa padziko lonse. Limodzi mwa malamulowo likuti wochokera kumtunda ndiye ayenera kulambalala amene ali patsogolo pake, popeza wapatsogoloyo saona zakumbuyo. Tsiku lomaliza nthawi zambiri pamakhala kampikisano kokhotakhota pakati pa timitengo tozikidwa m'chipale.

Ngozi

Ochita ski amavulala kwambiri mawondo, pomwe ongoyamba snowboard amathyoka m'mikono pafupi ndi dzanja chifukwa chotsamira manja pogwa. Kuvulala m'mutu ndiko koopsa, n'chifukwa chake masukulu ambiri salola wophunzira kukwera phiri wopanda chisoti. Ku Italy, mu 2022 lamulo linayamba kukakamiza aliyense wosakwana zaka 18 kuvala chisoti. Dzuwa nalonso limavutitsa: chipale chatsopano chimabweza mbali yaikulu ya kuwala kwake, kotero wopanda magalasi amatha kupsa maso ngakhale kunja kukuzizira.

Ngozi yaikulu koposa ndi kugumuka kwa chipale paphiri. Mu Januwale 2016, ku Les Deux Alpes ku France, gulu la ophunzira a sekondale ochokera ku Lyon linalowa m'njira yakuda imene inali yotsekedwa. Chipale chinagumuka n'kupha ophunzira awiri ndi munthu winanso amene sanali wa gululo. Pa makampu a sukulu, lamulo loletsa kutuluka m'njira zotsegulidwa ndilo limene aphunzitsi sanyengerera nalo.

Kum'mwera kwa Africa

Afriski ili m'mapiri a Maluti m'boma la Butha-Buthe ku Lesotho, pamtunda wopitirira mamita 3,000, pafupi ndi mpata wa Mahlasela pa msewu wa A1. Njira yake yaikulu ndi yotalika pafupifupi kilomita imodzi, ndipo pali malo odumphira a snowboard otchedwa Kapoko. Nyengo yake ndi Juni mpaka Ogasiti. Chipale chogwa chokha sichikwanira, choncho amadalira makina opopera madzi m'mwamba kuti aundane. Makinawa amagwira ntchito kuzizira kukatsika pansi pa 0 °C, kawirikawiri usiku, ndipo amafuna madzi ambiri ndi magetsi odalirika. Pamtunda wotere mpweya ndi wochepa, ndipo mlendo amatha kumva mutu ndi kupuma mwawefuwefu masiku oyamba.

Ku South Africa kunali Tiffindell, m'chigawo cha Eastern Cape pafupi ndi mudzi wa Rhodes, m'mbali mwa phiri la Ben Macdhui. Inatsegulidwa mu 1993 ndipo inatsekedwa mu 2020 pa nthawi ya Covid-19. Malowa ndiwo anafika pafupi kwambiri ndi zimene Fourestier ankafuna. Kunali kalabu ya ana ya Ikhephu Ski Pups, imene inkaphunzitsa ana a m'midzi ndi m'matauni oyandikana nawo, komanso ndondomeko imene ophunzira ankakhala kuphiriko nyengo yonse yozizira akuchita maphunziro a m'kalasi ndi ski. Sive Speelman wa ku Barkly East anaphunzirira komweko, ndipo anakwanitsa zoyenereza kupita ku masewera a Olympic a ku Sochi mu 2014, koma komiti ya Olympic ya dziko lake sinamutumize. Kutsekedwa kwa Tiffindell kunachotsa khomo lokhalo m'dzikomo limene mwana wa banja wamba akanalowera m'masewerawa.

Chifukwa chake M'Malawi mulibe

Kutalika kwa phiri pakokha sikukwanira. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi mamita 3,002, pomwe Ben Macdhui ndi mamita 3,001. Kusiyana kwake n'kwakuti Mulanje ali pa madigiri 16 kum'mwera kwa equator, Ben Macdhui ali pa madigiri opitirira 30, kumene mphepo yozizira yochokera kunyanja zakum'mwera imafika ndi chinyezi. M'Malawi miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi ndi yachilimwe. Ku Nyika ndi pamwamba pa Mulanje kumagwa chisanu choyeretsa udzu m'mamawa, koma dzuwa likakwera chimatha. Mchinji ali pafupi ndi madigiri 14, pa chigwa chokwera mamita pafupifupi 1,200. Dziko la Malawi silinatumizepo wosewera ku masewera a Olympic a nyengo yozizira. Zimbabwe inatumiza woyamba, Luke Steyn, mu 2014.

Angoni a kwa Zulu, amene ndi mbali ya Angoni a Mpezeni, makolo awo anachokera kum'mwera komweko, m'dera limene lero ndi KwaZulu-Natal, nawoloka mtsinje wa Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba. Mapiri a chipale a kumalire a chigawochi ndi Lesotho, amene pa mapu ndi Drakensberg, Azulu amawatchula kuti uKhahlamba.

Ulendo wa ophunzira ochokera ku Mchinji kupita ku Afriski ungayambe pa msewu wa M12 mpaka ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 110. Kuchokera kumeneko ndi ndege ya ku Johannesburg, kapena basi yodutsa ku Dedza, Tete, Harare ndi Beitbridge, imene imagona m'njira. Kuchokera ku Johannesburg ndi maola ena anayi kapena asanu pa galimoto, kudzera pa chipata cha Caledonspoort. Wophunzira aliyense amafunika pasipoti ndi chilolezo cha makolo, ndipo pamwamba pa thiransipoti pali malo ogona, kubwereka zipangizo, tikiti yokwerera phiri, malipiro a alangizi ndi zovala zamphepo zimene kwawo sadzazivalanso. Ngakhale ku Austria ndi ku Switzerland, kumene mapiri ali pakhomo, ndalama ndiyo nkhani imene makolo amadandaula nayo kwambiri pa makampu amenewa. Kalendala nayonso ndi yothina: mayeso a MSCE amalembedwa chapakati pa chaka ndipo temu yachitatu imatha mu Julayi, choncho pamatsala mwezi wa Ogasiti wokha, pamene nyengo ya chipale ku Maluti ikupita kumapeto.