Kuyamwitsa mwakathithi kwa amayi a pantchito

Kuyamwitsa mwakathithi ndi kupatsa mwana mkaka wa m'mawere wokhawokha, popanda madzi, phala kapena chakudya china chilichonse, kupatula mankhwala amene achipatala alamula. Kuyambira mchaka cha 2001, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana ayamwe motere kwa miyezi 6 yoyambirira. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey adapeza kuti mu 2010 ana 71 mwa 100 alionse osakwana miyezi 6 ankayamwa mwakathithi, koma pofika 2015-16 chiwerengerochi chidatsika kufika pa 61.

Kwa mayi wolembedwa ntchito, vuto lalikulu limayamba tchuthi cha uchembere chikatha. Lamulo la Employment Act la 2000 limapereka tchuthi cha masabata osachepera 8 cholandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, pomwe ogwira ntchito m'boma amapatsidwa masiku 90. Choncho mayi amabwerera ku ofesi kutatsala miyezi itatu kapena inayi kuti mwana ayambe zakudya zina.

M'miyezi yotsalayi, chimene chimafunika kwambiri ndi nthawi. Thupi limapanga mkaka molingana ndi momwe ukuchokera m'mawere, ndipo mayi akatha tsiku lonse osayamwitsa kapena kufinya, mkaka umayamba kuchepa. Apa ndi pomwe olera mwana kunyumba amayamba kumupatsa phala lamadzimadzi msanga, zomwe zimamuika pachiopsezo cha matenda otsekula m'mimba. Lamuloli litasinthidwa mu 2021, mayi adapatsidwa ufulu woyamwitsa kwa theka la ola kawiri patsiku panthawi ya ntchito, kwa miyezi yosachepera 6 mwana atabadwa.

Malo nawonso ndi ofunika. Mayi amene amakhala kutali ndi kuntchito sangapite kunyumba n'kubwerako m'theka la ola, choncho amasowa chipinda chaukhondo chofinyiramo mkaka mosaonedwa ndi ena. Mkaka wofinyawo umakhala bwino kwa maola anayi m'kapu yotsuka bwino ndi yovundikira, kapena masiku anayi mufiriji, ndipo wolera mwana ayenera kuphunzitsidwa kumwetsa ndi kapu osati botolo.

Zambiri mwa izi zili m'manja mwa akuluakulu a maofesi. Iwo ndi amene angapereke chipinda, kulola mayi kutuluka pa nthawi yoyamwitsa, komanso kupewa kumutumiza ku misonkhano yogonera kutali mwana asanakwanitse miyezi 6.