A Levy Ngoma ndi mpando wa Sinda: kusintha chipani kumalangidwa liti?

Kuyambira 2001 kufikira 2016 dera la Sinda linali ndi phungu mmodzi ku Nyumba ya Malamulo ya Zambia, a Levy Ngoma, koma nkhope yawo inaoneka pa pepala lovotera pambali pa zizindikiro zinayi zosiyana. Mu 2001 anaima ndi FDD, mu 2006 ndi mgwirizano wa UDA, mu 2011 ndi MMD, ndipo katatu konseko anapambana. Mu 2016 anaima ndi UPND nagwa. Anthu akamva mbiri yotere amathamangira kunena kuti a Kum'mawa amavotera munthu osati chipani, kapena kuti amangotsata wakwawo. Mayankho onse awiriwa ali ndi mutu, koma palibe limene likufotokoza chifukwa chake munthu yemweyo anamulekerera atasintha chipani mu 2011, kenaka n'kumulanga atachita zomwezo patapita zaka zisanu. Tikaika zotsatira za Sinda pambali pa za madera ena a Kum'mawa monga Mkaika, Milanzi ndi Vubwi, chimene chikuoneka n'chakuti ovota a kuno sadana ndi kusintha chipani. Chimene salola ndi phungu wosamuka yekha anthu ake asanamange katundu.

Kuti timvetse kupambana kwa 2001 tiyenera kubwerera zaka khumi m'mbuyo. Mu 1991, MMD ya a Frederick Chiluba itasesa mipando 125 mwa 150, UNIP inatsala ndi 25, ndipo 19 mwa iyo inali mipando yonse ya Chigawo cha Kum'mawa. Chigawochi chinalowa m'ndale za zipani zambiri chili kumbali yotsutsa boma, chikudziwa mtengo wake. Mu 1996 UNIP inanyanyala masankho chifukwa malamulo anali atasinthidwa kuti a Kenneth Kaunda asaime, motero MMD inalowa m'madera ambiri a kuno pakhomo losatseka, osati chifukwa anthu anaikonda. M'zaka zomwezo mlimi wa chimanga, thonje ndi mtedza anaona misika ya boma ikutsekedwa, ngongole za feteleza zikuuma, nayamba kugulitsa mbewu kwa aliyense wobwera ndi sikelo. Choncho pamene a Chiluba anayesa kufuna nyengo yachitatu ya ulamuliro, ndipo wachiwiri wawo a Christon Tembo anakana, nachotsedwa, nakhazikitsa FDD ndi anzawo, Kum'mawa kunali kale ndi mkwiyo wofuna koulowetsa. Pa 27 Disembala 2001 a Levy Mwanawasa anapambana ndi mavoti osafika 30 pa 100 alionse, FDD inapeza mipando 12, UNIP 13, ndipo mavoti ambiri a chigawochi anagawanika pakati pa zipani ziwirizi. A Ngoma, omwe panthawiyo anali mnyamata, sanakoke anthu a Sinda kupita ku FDD. Anawapeza atatembenukira kale MMD msana.

Masankho a 28 Seputembala 2006 ndiwo amene anthu amaiwala, chikhalirecho ndi ofunika koposa pa mkanganowu. UPND, FDD ndi UNIP zinapanga UDA, ndipo a Anderson Mazoka atamwalira m'mwezi wa Meyi chaka chomwecho, mgwirizanowu unaimika a Hakainde Hichilema. Apa ndiye kuti a Ngoma anapempha voti ya Sinda ali pa tikiti imodzi ndi a Hichilema zaka khumi 2016 isanafike, ndipo anapatsidwa. A Hichilema eniake, Mtonga wa Kum'mwera, anali achiwiri Kum'mawa pambuyo pa a Mwanawasa, kutsogolo kwa a Michael Sata. Ku Milanzi nako mpando unapita kwa a Chosani Njobvu a UNIP pansi pa UDA yomweyo. Chinathandiza sichinali chikondi chachilendo pa a Hichilema, munthu wa ku Monze, koma chakuti amene ankayenda m'midzi kumupemphera voti anali apampando a nthambi za UNIP ndi FDD, anthu amene ovota ankakumana nawo pamaliro ndi kutchalitchi. Koma chaka chomwecho MMD inatenga mipando yambiri ya chigawochi, mothandizidwa ndi a Rupiah Banda, mkulu wakale wa UNIP amene anakopa anthu m'malo mwa a Mwanawasa napatsidwa udindo wa wachiwiri kwa pulezidenti masankho atatha. Mphepo inali itayamba kutembenuka, ndipo kupulumuka kwa a Ngoma mu 2006 ndi umboni wabwino kwambiri wakuti dzina lawo linali ndi mphamvu yakeyake.

Zotsatira zake zinayenda mofulumira. A Njobvu atamwalira mu 2008, MMD inatenga Milanzi pa chisankho chachibwereza kudzera mwa a Reuben Chisanga Banda, ndipo nawonso atamwalira, a Whiteson Banda anasunga mpandowo mu 2010. A Mwanawasa anamwalira pa 19 Ogasiti 2008, a Rupiah Banda napambana pa 30 Okutobala ndi kusiyana kochepa, Kum'mawa kutawapatsa mavoti osefukira. Phungu wa FDD ku Sinda anapezeka ali m'chipani chimene anthu ake anali atachisiya. Apa pali mfundo ya malamulo yoyenera kuitchula: panthawiyo phungu wochoka m'chipani chimene chinamuimika ankataya mpando, dera n'kubwereranso kukavota. A Ngoma sanachite zimenezo. Anakhala wa FDD mpaka Nyumba ya Malamulo itatsekedwa, kenaka n'kutenga tikiti ya MMD pa masankho a 20 Seputembala 2011. Sanauze anthu a Sinda kuti atembenuke. Anawatsatira kumene anali atakhala kale zaka zitatu. Anapambana, ngakhale kuti dziko lonse linapatsa boma a Sata ndi PF, ndipo Sinda inakhalabe kumbali yotsutsa monga mu 1991, 2001 ndi 2006.

Yerekezani ndi zimene zinachitika ku Mkaika, dera loyandikana nalo limene lili ndi likulu la Kalonga Gawa Undi, kumene Achewa a maiko atatu amasonkhana pa mwambo wa Kulamba mwezi wa Ogasiti. Boma la a Sata linkakopa aphungu a MMD, ena powapatsa maudindo a achiwiri kwa nduna, ndipo mu 2012 linali litakweza Sinda ndi Vubwi kukhala maboma paokha, Sinda kuchokera ku mbali za Katete ndi Petauke, Vubwi kuchokera ku Chadiza. Mu 2013 phungu wa Mkaika, a David Phiri, anachoka mu MMD nalowa PF pakati pa nyengo, nabwerera kwa anthu m'mwezi wa Seputembala atanyamula bwato, chizindikiro cha PF, boma lonse lili kumbuyo kwawo. Anagonja kwambiri kwa a Peter Phiri a MMD. Patangopita zaka zitatu, a Whiteson Banda anayenda ulendo womwewo, kuchoka ku MMD kupita ku PF, ndipo Milanzi inawabwezera ku Nyumba ya Malamulo popanda vuto. A Peter Phiri eniake, amene mu 2016 anali mmodzi mwa aphungu atatu okha a MMD m'dziko lonse, anaima ndi PF mu 2021 napambananso. Njira inali imodzi, chipani chopitako chimodzi. Chosiyana chinali nthawi yonyamukira. Aliyense woyendetsa ngolo ku Katete amadziwa kuti ng'ombe ikathamangira kutsogolo kwa inzake pa goli, ngolo imakhotera m'ngalande.

Chinasintha pakati pa 2013 ndi 2016 n'chodziwika. A Sata anamwalira pa 28 Okutobala 2014, PF inaimika a Edgar Lungu, obadwira ku Ndola koma a mizu ya ku Petauke, ndipo a Rupiah Banda anawavomereza poyera. MMD inang'ambika: ena anatsala ndi a Nevers Mumba, ena anatsata a Banda kupita kwa a Lungu, ena analoza kwa a Hichilema. Pa 20 Januwale 2015 a Lungu anapambana ndi mavoti 27,757 okha, ndipo Kum'mawa kunali pakati pa zimene zinawapulumutsa. A Ngoma anasankha a Hichilema. Kanali koyamba m'moyo wawo wandale kuyenda mosemphana ndi dera lawo, ndipo pa 11 Ogasiti 2016 mpando unapita kwa a Masauso Tembo, odziwika kuti Kazungula, amene anaima paokha.

Wotsutsa woyamba anena kuti zonsezi n'kuzungulira pabwalo pofuna kupewa mawu akuti tsankho la mitundu. Kodi si Kum'mawa kumene kunatchuka mawu akuti "umodzi kum'mawa" ndi "wako ni wako"? Kukana kuti kwawo kwa munthu wofuna upulezidenti kunali ndi kulemera mu 2008, 2011 ndi 2015 kungakhale kunama. Koma yankho limeneli likulephera m'malo awiri. Mu 2006 chigawochi chinagawa mavoti ake pakati pa a Mwanawasa ndi a Hichilema, onse osachokera kuno. Ndipo pa mpando wa phungu, onse opikisana amakhala ana a m'dera. Mu 2016 Sinda sinasankhe pakati pa wakwawo ndi mlendo. Chimene ovota ankayesa ndi ichi: mwa anthu awa, ndani ali ndi khomo lolowera kwa amene tikuwakhulupirira kumtunda? A Rupiah Banda anali khomo lotere, ndipo chikoka chawo chinkachokera pa zaka zambiri mu UNIP ndi pa feteleza wotsika mtengo wa nthawi yawo, osati pa chilankhulo chokha.

Wotsutsa wachiwiri anena kuti anthu akumudzi amangotsata chipani cholamula chifukwa ndicho chili ndi thumba. Umboni wake ulipo, ndipo ndi Vubwi. Khothi litafafaniza kupambana kwa a Eustarckio Kazonga, nduna yakale ya MMD, a Margaret Miti a PF anatenga mpandowo mu Seputembala 2014, a Sata ali moyo, a Lungu asanatchulidwe n'komwe. Dera la m'malire ngati limeneli, la misewu yovuta, lomwe linali litangolandira boma lakelake, linali ndi zifukwa zomvera olamula. Izi zikutichenjeza kuti chigawo si munthu mmodzi woganiza tsiku limodzi. Tsiku lomwelo MMD inasunga Kasenengwa. Komabe Vubwi ya 2014 singafafanize 2001 ndi Mkaika ya 2013, pamene anthu omwewa anakana boma lili pamaso pawo ndi magalimoto ake. Ngakhale ku Vubwi, PF sinapambane ndi phungu wothawa chipani chake. Inabwera ndi munthu wina.

Mfundo yachitatu ndiyo yolimba. Zaka 15 n'zambiri. Phungu wa dera lakumudzi amapemphedwa zimene malamulo sanamulembere: bokosi la maliro, galimoto yotengera wodwala kuchipatala cha St Francis kapena cha Nyanje, fizi ya mwana wosankhidwira kusukulu ya Chassa, mjigo, ndi kufunsa chifukwa chake a bungwe la FRA atenga chimanga koma ndalama osafika mvula ili pafupi. Aliyense wobwerera chimanjamanja pakhomo pake amakhala voti yotayika, ndipo zaka zikachuluka oterowo amadzaza midzi. Chakuti wopambana mu 2016 anali woima payekha chikusonyeza kuti mpikisanowo unalinso wa maina, osati wa zizindikiro zokha. Wovota wa chaka chimenecho ankapatsidwa mapepala asanu: la pulezidenti, la phungu, la wapampando wa khonsolo, la khansala ndi la referendamu. Akanafuna, akanachonga bwato pa loyamba n'kufunafuna nkhope ya a Ngoma pa lachiwiri, monga ambiri ayenera kuti anagawira mavoti awo mu 2006. Kutopa kunalipo ndithu, ndipo sitingayese ndi sikelo gawo lake. Koma kutopa kokha sikukwanira, pakuti a Peter Phiri ndi a Whiteson Banda anapambana chaka chomwecho. Chimene 2016 inaonjeza n'chakuti pambali pa nkhope yodziwikayo panali dzanja la UPND, m'chaka chimene dziko linagawanika pakati mpaka a Lungu kupambana ndi 50.35 pa 100, ndipo wovota wotopa anapeza chifukwa chachiwiri.

Pali chinthu chimodzi chimene mbiriyi ikuchitira a Ngoma chilungamo. N'kosavuta kutcha munthu wa zizindikiro zinayi wosusuka, ndipo kusamuka kwa 2011 kunawakomeradi. Koma wosusuka weniweni mu 2015 akanatsata a Rupiah Banda kupita ku PF, kumene mpando unkaoneka wotsimikizika. Iwo anapita kumene kunawatayitsa mpando, nakhala zaka zisanu kunja kwa Nyumba ya Malamulo m'chigawo chimene UPND inali yofooka. Kaya anaona patali kaya anali ndi zifukwa zina, masamu a Sinda anali owatsutsa ndipo sakanalephera kuwadziwa. Pa 12 Ogasiti 2021 a Hichilema anapambana ndi mavoti oposa 2.8 miliyoni, UPND inatenga Chipata Central ndi Malambo, koma Sinda, Kapoche, Mkaika, Milanzi ndi Vubwi zonse zinapita ku PF, a Masauso Tembo nawonso ali pa tikiti yake. A Ngoma anasankhidwa kukhala mlangizi wapadera wa pulezidenti pa zandale ku State House. M'bajeti ya 2022 boma latsopanolo linakweza ndalama za chitukuko cha dera, CDF, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse posayang'ana chipani, ndipo ku Sinda ndalamazo zinafikira m'dera la phungu wotsutsa boma amene analanda a Ngoma mpando.