Mbiri ya Bwalo Laciwiri la Masewera a Chesi ku Germany

Owerenga athu ambiri adziwa nsolo kapena bao, ndipo anaonapo umo amuna akhalira pansi pa mtengo dzuwa lonse, maso ali pa maenje, osamva ngakhale awaitanire ku nsima. Anthu a maiko ena ali nao masewera ao otere, dzina lace chesi. Mwezi uno tifuna kufotokoza mbiri ya mpikisano wina wa masewerawa m'dziko la Germany. Sitinena za bwalo lao lapamwamba, kumene kukhala akatswiri omveka, koma za bwalo laciwiri limene liri pansi pace. Pakuti pamenepo ndi pamene paoneka bwino cimene cikweza gulu la anthu ndi cimene ciligwetsa.

Poyamba tinene pang'ono za masewera eni ace. Asewera anthu awiri pa thabwa la tizipinda 64, toyera ndi takuda. Munthu ali yense ali nao ankhondo osema 16, ndipo pakati pao pali mfumu. Wina asuntha wankhondo wace, mnzace nasuntha wacenso, kufikira mfumu ya mmodzi wa iwo yazingidwa kosatha kuthawa; pamenepo mwini wace wagonja. Nthawi zina palibe wokhoza kuzinga mfumu ya mnzace, ndipo anena kuti afanana mphamvu. Pambali pa thabwa aika koloko wa nkhope ziwiri woyesa nthawi ya munthu ali yense, kuti wina asatopetse mnzace ndi kulingalira kosatha. Ngakhale kutero, masewera amodzi akhoza kutha maora asanu kapena kuposapo.

Pa thabwa pakhala anthu awiri okha, koma mpikisano umene tinena ife ndi wa mabungwe. Tsiku lokomana, bungwe liri lonse liturutsa anthu 8, ndipo ayala matabwa 8 m'cipinda cimodzi. Caka cisanayambe bungwe lilembetsa maina a anthu ace mu mndandanda, ndipo akhala pa matabwa monga mwa mndandandawo, wamphamvu kutsogolo, kuti pasakhale cinyengo. Wopambana pa thabwa lace apatsa bungwe pointi imodzi; akafanana mphamvu, ali yense alandira theka. Bungwe limene lapeza mapointi 4 ndi theka kapena kuposapo ndilo lapambana tsikulo, ndipo alilembera mapointi 2 m'buku la caka; akalekana pa 4 ndi 4, liri lonse alilembera imodzi. Potha pa caka awerenga poyamba mapointi a m'bukumo, ndipo ngati mabungwe awiri alingana, awerenga a pa matabwa. Cotero pointi ya mnyamata wa pa thabwa lotsiriza ilemera cimodzimodzi ndi pointi ya katswiri wa pa thabwa loyamba. Makolo athu anati, mutu umodzi susenza denga.

Bungwe lalikuru loyang'anira chesi m'dziko lonselo, dzina lace Deutscher Schachbund, linakhazikika m'mzinda wa Leipzig m'caka ca 1877. Itatha nkhondo yaciwiri ya maiko onse, dzikolo linagawika pawiri m'caka ca 1949, la kumadzulo ndi la kum'mawa, ndipo liri lonse linakhala ndi mipikisano yaceyace. Bwalo limene tinena linabadwira ku dziko la kumadzulo.

M'caka ca 1974 akuru a chesi a kumeneko anayamba mpikisano umene anaucha Bundesliga, ndiko kunena mpikisano wa dziko lonse. Anasankha mabungwe 32, nawagawa m'zigawo zinai, cigawo ciri conse mabungwe 8: ca kumpoto, ca kumadzulo, ca kumwera ca kumadzulo, ndi ca kumwera. Bungwe liri lonse linkasewera ndi anansi ace a m'cigawo, ndipo potsiriza anai opambanawo ankakomana kuti adziwike mfumu ya dziko. Makonzedwe awa anali ndi cirema cimodzi. Mabungwe amphamvu ankatha caka conse kugonjetsa anansi ofooka, nakomana ndi olingana nao masiku owerengeka okha. Munthu amene alimbana ndi ana masiku onse sadziwa mphamvu yace, ndipo sakula.

Cifukwa cace m'caka ca 1980 anakonza mwina. Anapatula mabungwe 16 oposa anzao, nawaika m'bwalo limodzi la dziko lonse, kuti liri lonse likomane ndi anzace onse 15. Tsono otsalawo akanapita kuti? Sanawataya, koma anawaikira bwalo lao, dzina lace 2. Bundesliga, ili ndilo bwalo laciwiri. Ilo analisiya logawika panai monga kale, ndipo cifukwa cace sicibvuta kucizindikira. Ambiri osewera m'menemo anali anthu a nchito zao ndi ana a sukulu zapamwamba, amene ayenera kubwera msanga ku nchito. Ndipo mabungwe ao analibe ndarama zoyendera dziko lonse.

Pakati pa mabwalo awiriwa anasiya khomo lotseguka. Caka ciri conse mabungwe anai otsiriza a bwalo loyamba ankatsika, ndipo wopambana wa cigawo ciri conse ca bwalo laciwiri ankakwera kulowa m'malo mwao. Pansinso panali khomo lina, pakuti olephera a bwalo laciwiri atsikira ku mabwalo a m'madera, dzina lace Oberliga, ndi opambana a kumeneko nakwera. Cotero palibe bungwe lokhala pampando cifukwa ca dzina la makolo ace, ndipo palibe mudzi wocepa kotero kuti anthu ace sangathe kukwera kufikira pamwamba. Masewerawa acitika kuyambira ca m'mwezi wa October kufikira ca mu April, nthawi imene ife tiri pa khasu, ndi kwao kuli cisanu.

Pali lamulo linanso loyenera kulidziwa. Bungwe lalikuru lokhala m'bwalo loyamba likhoza kukhala nalo gulu lace laciwiri m'bwalo laciwiri, kumene liphunzitsira anyamata ace. Koma gulu lotere, lingakhale lipambane, silikwera; pakuti sikungakome kuti ana a nyumba imodzi akomane m'bwalo limodzi, wina angagonjere mbale wace mwadala.

Pa 3 October 1990 maiko awiri aja anakhalanso dziko limodzi, ndipo kuyambira m'caka ca 1991 mabungwe a kum'mawa, a m'mizinda monga Dresden, Leipzig ndi Erfurt, analowa mu mpikisano umodzi ndi abale ao. Zigawo za bwalo laciwiri zinakonzedwanso, nizikhala ca kumpoto, ca kum'mawa, ca kumwera ndi ca kumadzulo. Ndipo kwa zaka zambiri cigawo ciri conse cinali ndi mabungwe 10, onse pamodzi 40, liri lonse ndi kukomana ndi anzace 9 pa caka.

Kufikira apa tanena za malamulo, ndipo malamulowo ngabwino. Koma mbiri ionetsa kuti nzeru za pa thabwa pa zokha sizinakwanire kukweza bungwe. Walira mvula walira matope. Bungwe likakwera, liyenera kuyenda maulendo atali m'dziko lonse, kulipira zogonera ndi zakudya za anthu ace, ndiponso kulemba akatswiri a maiko ena ndi ndarama zambiri, pakuti popanda iwo ligonja sabata ndi sabata. Cifukwa ca ici kunacitika kawirikawiri cinthu codabwitsa: bungwe lapambana m'cigawo cace, khomo latseguka, koma eni ace akana kulowa, nasiyira malowo owatsata. Ndipo mabungwe ambiri amene anakhala pamwamba anakhalapo ndi cuma ca munthu mmodzi.

Tichulepo zitsanzo zitatu. Bungwe la Bayern München, limene ambiri alidziwa cifukwa ca mpira, liri nayonso nthambi ya chesi. Pakati pa 1983 ndi 1995 nthambiyo inakhala mfumu ya dziko kasanu ndi kanai. Koma atamwalira Heinrich Jellissen, amene ankaisenza, inacoka yokha m'bwalo loyamba m'caka ca 1995, caka comweco cimene inapambana. Ndipo pamene inabwera pambuyo pace, inabwera pokwera makwerero monga anzace onse. Bungwe la Lübecker SV linapambana zaka zitatu zotsatana, 2001, 2002 ndi 2003, ndipo ndarama zitasowa linacoka m'bwalomo likali mfumu, wosaligonjetsa munthu.

Citsanzo cacitatu ndi ca bungwe la SG Porz, la m'mzinda wa Köln, limene linakhala mfumu ya dziko kambiri, kotsiriza m'caka ca 2004. M'caka ca 2007 mabungwe a bwalo loyamba anapanga msonkhano wao wodziyendetsera okha. Wilfried Hilgert, amene ankathandiza Porz ndi cuma cace, sanabvomerezane nazo zimenezo, ndipo anatsitsira gulu lace ku bwalo laciwiri. Kumeneko linkapambana m'cigawo ca kumadzulo caka ndi caka, nilikana kukwera. Taganizani anthu a mabungwe ang'ono a cigawo cimeneco, aphunzitsi, alembi ndi ana a sukulu, amene anakhala pa thabwa kuyang'anana ndi akatswiri odziwika m'maiko ambiri! Ena anapindula nazo, pakuti anaphunzira kwa owaposa. Koma mpikisano unasokonezeka, popeza woyamba sanafune mphotho yace, ndipo wokwera anali wogonja.

Pali njira inanso imene mabungwe ena anatsata. Bungwe la Hamburger SK, limene linayamba m'caka ca 1830, ndi limodzi la akale kwambiri m'dzikomo, ndipo lidziwika ndi nchito yophunzitsa ana. Gulu lace laciwiri linasewera zaka zambiri m'cigawo ca kumpoto, podziwa kuti silingakwere. Nchito yace inali yolera anyamata kuti akalowe m'malo a akuru ao. Mu mzinda womwewo wa Hamburg, kuyambira m'caka ca 1958, ana a sukulu a mbali ziwiri za madzi a Alster akomana pa mpikisano waukuru wa chesi, tsidya lino kulimbana ndi tsidya lija. Bungwe lokhala pa mbeu yotere silifulumira kukwera, komanso siligwa tsiku limodzi. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

M'caka ca 2020 mliri wa korona unatseka nyumba zosonkhanira, ndipo mpikisano umene unayamba mu 2019 unatha mu 2021, caka cimodzi ca masewera ndi kutenga zaka ziwiri. Pambuyo pace akuru analingaliranso za phompho lija la pakati pa mabwalo awiri, pakuti okwera ambiri ankatsikanso caka cotsatira. Kuyambira m'caka ca 2024 anacepetsa zigawo kukhala ziwiri, ca kumpoto ndi ca kumwera, ciri conse mabungwe 12, onse pamodzi 24. Colinga cace ndi cakuti bwalo laciwiri likhale lolimba, wokwera asakadabwe pofika pamwamba. Koma mtengo wace ulipo: malo 16 anatha, mabungwe amene akanakhalamo anatsikira ku Oberliga, ndipo otsalawo maulendo ao anatalika.

Mwa mabungwe amene anakwera mu 2024, caka cotsiriza ca zigawo zinai, awiri anamveka kutali. Düsseldorfer SK, lothandizidwa ndi mwini cuma Wadim Rosenstein, linasonkhanitsa akatswiri a maiko ambiri, nilikhala mfumu ya dziko mu 2025, caka cace coyamba litakwera. Ndipo FC St. Pauli la ku Hamburg, limene dzulo lace linali m'bwalo laciwiri, linakhala naye pa thabwa loyamba Magnus Carlsen wa ku Norway, amene anali katswiri woposa onse pa dziko lapansi kuyambira 2013 kufikira 2023. Iye anasewerera bungwelo mu January 2025.

Sitinena kuti wothandiza ndi cuma cace acimwa, iai; popanda anthu otere ambiri sakanaona akatswiri ndi maso ao. Koma mbiri iyi ya zaka zoposa 40 itiphunzitsa kufunsa funso limodzi pa nchito iri yonse ya gulu: kodi munthu uyu akacoka, cidzatsala nciani? Ku München ndi ku Lübeck anayankhidwa funsoli caka comwe ca cimwemwe cao. Ifenso m'midzi mwathu, pomanga sukulu kapena pokumba citsime, tikondwera akapezeka mmodzi wosenza mtolo wonse, ndipo enafe tipinda manja. Tikumbukire thabwa lotsiriza lija, pamene pakhala mnyamata wosadziwika dzina: bungwe limene limsamala iyeyo ndilo lidzakhalapobe pamene mwini cuma wapita.